Crinum wanga wangochita masamba, kodi anandigulitsa chiyani?

Nasibeko wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse? Abale ndithandizeni. Chaka chathachi ndinagula anyezi wa maluwa kwa bambo wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Anandiuza kuti ndi crinum wa haibulidi, dzina lake Ellen Bosanquet, wamaluwa ofiira. Ndalama imene ndinapereka ndikanagula nkhuku ziwiri. Dzinja lonse lija linatha, chisanu chatha, pano tili mu Okutobala, masamba okha ndiye mbwee, duwa ngakhale limodzi ayi. Chithunzi ndi icho. Anandiponda kapena pali chimene chikusowa?

Achimwene a ku Machinjiri: Kkkk achemwali, ameneyo ndi anyezi wa mumsika wa Limbe. Mukazingeni ndi mazira mubwezeko ndalama yanu.

Aphunzitsi a ku Soche: Achimwene, nthabwala imeneyo ayi, muno muli anthu amene angakhulupirire. Crinum ndi chiphe kuyambira masamba mpaka anyezi wake. Muli mankhwala ena otchedwa lycorine, munthu akadya amasanza ndi kutsekula m'mimba koopsa. Amene muli ndi ana aang'ono, anyezi amene mwakumba musamusiye pakhonde kapena kufupi ndi kukhitchini. Madzi ake enanso amawayabwa pakhungu.

Achimwene a ku Machinjiri: Pepani aphunzitsi, ndamva.

Agogo a ku Nyambadwe: Mwanangu Nasibeko, chithunzichi mwajambulira patali. Jambulani pansi penipeni, pamene masamba akutulukira m'nthaka. Mundiuzenso zitatu izi: ali pansi kapena m'chitini, dzuwa limamupeza maola angati, ndipo tsiku limene munamugula anali ndi mizu kapena ayi.

Nasibeko wa ku Chilomoni: Agogo, ali mu ndowa ya malita 20, pansi pa mtengo wa mango. Mizu analibe, bamboyo anali atameta yonse kuti aoneke waukhondo. Poyamba anali pansi, koma nditaona kuti sakusonyeza kanthu ndinamukumba n'kumuika mu ndowamo.

Agogo a ku Nyambadwe: Ndiye yankho mwadzipatsa nokha. Musathamangire kunena kuti anakupondani, duwa lisanatuluke palibe amene angaweruze mlanduwu.

Crinum sali ngati maluwa ena aja a anyezi amene mizu yake imafa chaka ndi chaka. Mizu ya crinum ndi yonenepa, yoyera, ndipo imakhala yamoyo zaka zambiri. Mmenemo ndi mmene muli mphamvu. Ukaimeta, chomeracho chimatha chaka chonse, mwina ziwiri, chikungomanga mizu yatsopano, za maluwa sichiganizako. Ndiye inu mizu itangoyamba kugwira, mwamuzulanso. Wayambiranso pa ziro.

Chachiwiri ndi mango wanuyo. Ellen Bosanquet amafuna dzuwa, theka la tsiku kapena kuposa. Pamthunzi amakupatsani masamba obiriwira bwino, aatali, okongola m'maso, basi zathera pomwepo. Amene amakonda mthunzi ndi Crinum moorei, ameneyo ukamuika padzuwa la mu Okutobala masamba amapserera.

Chitani chonchi. Sankhani malo amodzi amene simudzamangapo khola kapena kuikapo thanki zaka zikubwerazi. Kumbani dzenje masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya, chifukwa katondo wathu wa ku Blantyre kuno akauma ndi mwala. Sakanizani dothilo ndi manyowa owolerana bwino ndi mchenga pang'ono. Ndowayo muing'ambe ndi mpeni, musamuzule ndi dzanja, atuluke ndi dothi lake lomwe. Khosi lake likhale kunja, thupi lokha ndi limene likwiririke. Mukatero muiwaleni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Achimwene a ku Machinjiri: Nkhono zake zomwezo ndi zimene zinandimalizira masamba mu Febuluwale agogo kkkk. Ine maso ake ndinawaona usiku ndi tochi.

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Ine ndimagulitsa maluwa, ndiye ndiyankhuleko mbali ya ogulitsa, chifukwa muno tikangotchulidwa ndiye kuti akuba. Mizu timameta chifukwa kasitomala akaona anyezi wamizu ndi matope amati ndi wauve, safuna kudetsa galimoto. Komanso phata la crinum silizuka ndi khasu lokha. Mizu yake imakoka anyezi kupita naye pansi chaka ndi chaka, ndiye pokumba ina imaduka ngakhale usamale bwanji.

Koma za maina ndivomereze kuti pali vuto. Ambiri a ife anyezi timamupeza kwa anyamata ogwira ntchito m'minda ya m'mayadi ku Namiwawa, ku Sunnyside, ku Nyambadwe komweko. Mwini nyumba wanena kuti chotsani tchire ili, mnyamata watibweretsera m'thumba. Dzina palibe. Timangodziwa kuti uyu woyera, uyu wapinki, uyu wamizeremizere. Tsopano anthu akubwera ndi zithunzi za pa Facebook, akuti ndikufuna uyu. Wogulitsa wanjala anganene kuti ndilibe?

Nasibeko wa ku Chilomoni: Ndiye Bambo Mbewe mukuvomereza kuti mumatinamiza?

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Ine ayi mayi. Ndimauza munthu kuti bwerani mu Disembala mudzaone duwa ndi maso anu, musankhe pamenepo. Koma anthu safuna kudikira, amapita kwa mnzanga wa pafupi amene ali ndi maina onse pakamwa.

Aphunzitsi a ku Soche: Chithunzi chachiwirichi chafika bwino. Chimodzi ndikutsimikizireni Nasibeko: ndi crinum ndithu. Nthawi zambiri anthu amagulitsidwa Hippeastrum, uja timangomutchula kuti amaryllis, wochokera ku South America. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Hippeastrum masamba ake amatuluka mbali ziwiri zokha, uku ndi uku, pamene crinum ambiri masamba amazungulira khosi mbali zonse. Phesi la maluwa la Hippeastrum ukalidula n'lamphako mkati, la crinum n'lodzaza. Njere za Hippeastrum ndi zakuda, zopyapyala, zouluka ndi mphepo, pamene za crinum ndi zonenepa, zamadzi mkati, zolemera m'dzanja. Wanuyu masamba akuzungulira ndipo m'mphepete mwake ndi mopindikapindika, zomwe Ellen Bosanquet amachitadi. Koma si iye yekha amene amatero.

Nangozo wa ku Lunzu: Eya, si iye yekha. Masamba amenewo ine ndikuwadziwa. Akufanana kwambiri ndi aja a kudambo kwathu kuno, amene amatuluka mvula yoyamba ikangogwa.

Aphunzitsi a ku Soche: Amenewo ndi Crinum macowanii, wathu wachilengedwe, amapezeka kuyambira kum'mawa kwa Africa mpaka ku South Africa. Dzinalo analipereka polemekeza Peter MacOwan, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ku Cape. Maluwa ake ndi oyera okhala ndi mzere wapinki pakati, timitu ta mungu timakhala takuda, ndipo amatseguka madzulo ndi fungo lamphamvu. Koma iye nthawi yachilimwe amayoyola masamba onse n'kugona pansi. Nasibeko, wanuyu anayamba waumapo masamba onse?

Nasibeko wa ku Chilomoni: Ayi, anangochepa mu Julayi nthawi ya chiperoni ija, koma sanathe. Ndimathirira masiku onse.

Aphunzitsi a ku Soche: Ndiye mwayi woti ndi haibulidi ulipo. Tidikire duwa.

Nangozo wa ku Lunzu: Popeza nkhani ya kudambo yatuluka, ine ndili ndi dandaulo. Ndili mwana, malo ena kuseri kwa mudzi wathu ankayera mbuu ndi maluwa amenewa mu Novembala. Timapita kukatunga madzi m'mawa fungo lili ponseponse. Lero mukapita mupeza maenje. Ena anatha ndi oumba njerwa, ena ndi madimba, koma zaka zapitazi kwabwera anyamata amene akukumba dala, kulongedza m'matumba, ulendo wa m'tauni. Akafika kumeneko asanduka haibulidi wa kunja. Inu a m'tauni mukugula zinthu za kwathu pa mtengo wa ku Joni, ife tikutsala ndi maenje ogweramo mbuzi.

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Mayi Nangozo, mnyamata amene wagona ndi njala simungamuuze za fungo la maluwa. Komanso dambolo likamalimidwa anyeziyo amatemedwa ndi khasu n'kutayidwa. Si bwino apulumukire m'mpanda mwa munthu?

Nangozo wa ku Lunzu: Opulumutsa pamalo pamene akulima kapena kumanga sindikulimbana nawo. Ndikunena okumba pamene palibe akulima. Anyezi wamkulu uja amene amamunyamula pamutu watenga zaka zambirimbiri kuti afike pamenepo. Asing'anga akhala akukumbako kuyambira kale, koma iwo amatenga mmodzi, sasesa dambo lonse.

Agogo a ku Nyambadwe: Apa ndili mbali ya Nangozo. Ndipo chondipweteka n'chakuti macowanii safunika kukumba n'komwe. Ndi crinum amene amabereka njere zambiri zedi. Maluwa akafota pamabwera zipatso zamabamphumabamphu, phesi limalemedwa n'kugwa pansi, chipatso chimang'ambika, njere zili poyera. Ungotola zochepa, zina n'kusiya pomwepo.

Achimwene a ku Machinjiri: Ndiye Mayi Nangozo mutitolere, muyanike bwinobwino, tidzadzale chaka chamawa.

Agogo a ku Nyambadwe: Ayi ayi ayi! Kuyanika ndiye kupha kumene. Njere ya crinum siisungika. Ili ndi madzi ake ndi chakudya chake mkati, ndipo imamera yokha ngakhale uisiye pa windo popanda dothi. Ndinaonapo njere itaiwalika m'mbale, itatulutsa kale kamuzu koyera kopindika, kumapeto kwake kukuoneka kanyezi kakang'ono, ikufunafuna pansi poti ilowe. Ukatola, dzala sabata yomweyo. Osakwirira. Ungoikhazika pamwamba pa dothi lamchenga m'chubu, kuikanikiza kuti theka lilowe, n'kuika pamthunzi wowala. Yokha imadziwa kolowera.

Achimwene a ku Machinjiri: Maluwa ake liti?

Agogo a ku Nyambadwe: Zaka zitatu ngati mwasamala kwambiri, kawirikawiri zinayi kapena zisanu.

Achimwene a ku Machinjiri: Eish. Landilodi adzakhala atandithamangitsa kale.

Mayi Phiri a ku Kanjedza: Ine funso langa lili pa njere zomwezo. Mnzanga wa kutchalitchi ali ndi crinum wapinki wokongola, akuti ndi powellii. Ndinamupempha njere, akuti chibadwire sanaonepo njere pa iye. Akundimana kapena?

Aphunzitsi a ku Soche: Sakukumanani mayi. Crinum × powellii ndi haibulidi amene kawirikawiri sabereka njere. Makolo ake ndi awiri, onse a ku South Africa: Crinum bulbispermum, wa masamba otuwirako amene amamera m'mbali mwa mitsinje ngati Orange, amenenso ndi duwa la chigawo cha Free State, ndi Crinum moorei wa m'nkhalango za ku KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape. Anawakwatitsa ku England m'zaka za m'ma 1800. Kwa bulbispermum anatengako kupirira, kwa moorei anatengako kukula kwa duwa. Alipo wapinki, aliponso woyera amene amamutcha Album.

Ndipo ngakhale mutapeza haibulidi wobereka njere, mwana wa njereyo sakhalanso yemwe uja. Zili ngati chimanga cha haibulidi ukasunga mbewu n'kudzalanso chaka chinacho: chimamera inde, koma m'munda mumatuluka zosiyanasiyana. Choncho munthu akakugulitsani njere n'kunena kuti izi ndi za Ellen Bosanquet, dziwani kuti chimene chidzatuluke si Ellen Bosanquet, ngakhale mayi wake atakhala weniweni. Dzina la haibulidi limayenda ndi ana a m'mbali okha, aja amaphuka pa tsinde la anyezi wamkulu. Ellen Bosanquet aliyense weniweni pa dziko lapansi ndi chidutswa cha chomera chimodzi chimene Louis Bosanquet anachipanga ku Florida kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kuchipatsa dzina la mkazi wake. Chakhala chikungogawidwa, dzanja ndi dzanja, mpaka lero.

Mayi Phiri a ku Kanjedza: Ndiye ndikapemphe mwana, osati njere. Zikomo aphunzitsi.

Agogo a ku Nyambadwe: Mukapemphe, ndipo powellii sakhala womana, amachita ana ambiri mpaka phata limadzaza. Koma musankhe mwana amene ali kale ndi mizu yakeyake. Fukulani dothi mbali imodzi yokha, mulowetse mpeni wakuthwa pamene walumikizana ndi mayi wake, mudule ndi kachidutswa ka tsinde lolimba lija la pansi. Mukangothyola masamba ndi khosi popanda tsinde limenelo, mwanyamula zinyalala. Pabalapo pakani phulusa, pauma tsiku limodzi pamthunzi, kenako dzalani. Mayiyo musamusunthe.

Nangozo wa ku Lunzu: Koma aphunzitsi mwandiseketsa. Ndiye kuti makolo ake ndi a ku Africa konkuno, anapita ku England, abwerako ndi dzina lachizungu, ife n'kumawagula modula?

Aphunzitsi a ku Soche: Ambiri ndi choncho mayi. Crinum alipo mitundu yoposa 100 m'maiko otentha, koma Africa ndi amene ali ndi mitundu yochuluka. Azungu anayamba kalekale kuikwatitsa. M'busa wina wa ku England, William Herbert, anali kale pa ntchito imeneyi pamene ankasindikiza buku lake la banja la zomerazi mu 1837, ndipo mahaibulidi amizeremizere otchedwa Crinum × herbertii ali ndi dzina lake. Ena anafika pokwatitsa Crinum moorei ndi Amaryllis belladonna wa ku Western Cape n'kupeza Amarcrinum. Ife kuno tili ndi macowanii pakhomo penipeni, wozolowera mvula yathu ndi chilimwe chathu, koma ndi angati muno amene anayesapo kumuika mungu wa crinum wina?

Achimwene a ku Machinjiri: Ine ndiyamba. Zaka zisanu zikubwerazi mudzamva za Crinum Machinjiri Area 5. Ndiuzeni kachitidwe kake.

Aphunzitsi a ku Soche: Kkkk ndi zotheka ndithu, sizifuna labu. Sankhani mayi amene mukudziwa kuti amabereka njere, macowanii kapena bulbispermum. Masana, cha m'ma 3 koloko, yang'anani duwa limene latupa, loti litseguka madzulo omwewo. Litsegulireni ndi zala mofatsa, muchotse timitu tonse 6 ta mungu tisanaphulike. Pakati pamatsala kachingwe kamodzi kataliko, kokhala ndi kamutu kumapeto. Tengani kamutu ka mungu ka crinum winayo, mupake pa kamutu kameneko madzulo, mubwerezenso mawa lake. Kenako vekani duwalo kathumba ka pepala kapena ka neti, chifukwa usiku kumabwera agulugufe akuluakulu a milomo yaitali, ndiwo eni ntchitoyi, ndipo amabwera ndi mungu wa kwina. Mangani kaulusi pa duwalo ndi kulemba: dzina la mayi poyamba, la bambo pambuyo. Ngati awiriwo sachita maluwa nthawi imodzi, mungu umasungika mufiriji m'kapepala kouma, m'kabotolo kotseka bwino.

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Kabotolo ka chiphe mufiriji ya mayi a kunyumba? Aphunzitsi mukufuna kutha mabanja.

Anti a ku Joni: Moni kumudzi! Ndakhala ndikungowerenga. Kuno ku Johannesburg m'manazale muli crinum a maina awo enieni, olembedwa bwinobwino. Amene mukufuna nenani, ndikulunga m'zovala, ndipatsira a basi, Lachisanu mwalandira ku Wenela.

Mayi Phiri a ku Kanjedza: Anti, ine awiri!

Aphunzitsi a ku Soche: Anti, mtima wanu ndi wabwino, koma njira imeneyo ayi. Chomera chamoyo sichilowa m'dziko chobisidwa m'zovala. Pamafunika chilolezo cholowetsera zomera chochokera ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi kuno, ndipo ife a ku Blantyre pafupi pathu ndi ku Bvumbwe, pa msewu wa ku Thyolo. Kumene chikuchokerako nakonso amapereka satifiketi yosonyeza kuti chayezedwa, chilibe matenda. Popanda mapepala amenewa akhoza kulanda pa Mwanza, ndipo amakhala akulondola.

Anti a ku Joni: Aaa aphunzitsi, anyezi awiri okha mpaka mapepala onsewo?

Agogo a ku Nyambadwe: Mwanangu, funsani anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje za chisaka. Nthochi zimene zinkadzaza malole zinatha ndi matenda oyenda ndi mbewu yomwe anthu amapatsana mwachikondi chomwechi. Crinum nayenso ali ndi mavairasi ake. Mukaona masamba ali ndi mawangamawanga achikasu otsatira mizere ya tsamba, chomera chikufooka chaka ndi chaka, mankhwala ake palibe, ndipo ana ake onse amatengera. Nsabwe za zomera zimatenga apo n'kupititsa kwa ena. Woteroyo ndi wozula n'kuwotcha, ngakhale munamugula modula bwanji.

Woyang'anira gulu: Nkhani yotumiza pa basi ithere pomwepa chonde. Amene akufuna za kunja asonkhane, afunse ku Bvumbwe, aitanitse limodzi mwa dongosolo. Anti mukhoza kuthandiza mbali ya nazale ndi satifiketi kumeneko.

Anti a ku Joni: Chabwino, ndamva. Ndikafunsa Loweruka.

Che Jafali a ku Bangwe: Pepani ndalowerera nkhani. Taonani chithunzi ichi, ndajambula dzinja lathali koma ndikuopa zibweranso. Mbozi zakuda za madontho achikasu. Tsamba limaoneka ngati lapsa ndi madzi otentha, ukaliunika padzuwa ukuona tizinthu tikuyenda mkati mwake. Phata langa lalikulu linawola pakati, likununkha. Nkhuku zanga zimadya chilichonse koma izi zimangoziyang'ana.

Aphunzitsi a ku Soche: Che Jafali, ameneyo ndiye mdani wamkulu wa crinum, dzina lake Brithys crini. Ndi mwana wa gulugufe wa usiku wofiirira moderako, wosaoneka bwino n'komwe. Amaikira mazira mulu kunsi kwa tsamba. Timbozi tikaswa timaboola n'kulowa mkati mwa tsamba, kudya za mkati n'kusiya chikopa chokha, n'chifukwa chake limaoneka lopsa. Zikakula zimatsika ndi tsamba kapena ndi phesi la maluwa mpaka kulowa mu anyezi. Nkhuku zikuzikana chifukwa mbozizo zimasunga chiphe cha chomeracho m'thupi mwawo, ndipo mtundu wowalawo ndi chenjezo. Zimagwiranso Hippeastrum, Clivia ndi timaluwa tating'ono tija timatuluka mvula ikagwa.

Che Jafali a ku Bangwe: Ndipopere chiyani? Ndili ndi cypermethrin wotsala wa ku tomato.

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Cypermethrin amapha, koma amapha imene wayikhudza. Ikalowa mkati mwa tsamba kapena mu anyezi mukungotaya mankhwala. Ine ku nazale chimene chimandithandiza ndi maso. Mvula ikayamba, m'mawa uliwonse ndimatembenuza masamba. Mazira ndimangowatikita ndi chala. Tsamba limene layamba kuoneka lamadzimadzi ndimalidula m'munsi mwa pamene zafika, n'kuliponda kapena kuliponya pamoto, osati pa kompositi. Zikuluzikulu ndimatola ndi dzanja n'kuponya m'chitini cha madzi a sopo. Kupopera ndimapopera zikachuluka zedi, motsatira zolembedwa pa botolo, ndipo osati pa maluwa otseguka.

Agogo a ku Nyambadwe: Ndipo phata lowolalo musataye msanga Che Jafali. Fukulani, mudule zowola zonse mpaka mufike poyera, muyang'ane tsinde la pansi lija. Ngati lili lolimba, pakani phulusa, liume masiku angapo pamthunzi, mudzale pa mchenga osathirira kwambiri. Nthawi zambiri anyezi wovulala pakati amatulutsa ana ambiri m'mbali. Akatswiri ochulukitsa mahaibulidi amachita kumucheka dala tsindelo kuti atero.

Che Jafali a ku Bangwe: Ndinataya kale kudzala agogo.

Agogo a ku Nyambadwe: Kayang'aneni kudzalako. Musadabwe mukamupeza ataphuka.

Mayi Phiri a ku Kanjedza: Za feteleza bwanji? Amuna anga amangothira urea pa chilichonse chobiriwira.

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Urea yekha akupatsani masamba ofewa, chakudya cha mbozi ndi nkhono. Crinum amadya kwambiri, koma chimene amakonda ndi manyowa a ng'ombe kapena a nkhuku owolerana, kuwayala pamwamba kuzungulira phata mvula ikamayamba, osagunda khosi. Mukafuna wa m'thumba, kadzanja kamodzi ka wokulitsa uja, kutali pang'ono ndi anyezi. Phulusa la nkhuni pang'ono limathandizanso. Miyezi ino ya Seputembala ndi Okutobala, mipopi ikamauma, phimbirani ndi udzu, thirirani kamodzi pa sabata koma mokhutitsa. Madzi otsukira mbale opanda mafuta ambiri ine ndimathira, sanadandaulepo.

Aphunzitsi a ku Soche: Kupirira kwake ndinakuona nthawi ya Freddy mu Malichi 2023. Ife tinapulumuka, anzathu ambiri kumtunda kuno sanapulumuke, ndiye za maluwa panalibe amene ankaziganiza. Madzi anakokolola dimba lonse la kuseri, maluwa ena onse anapita, pamalopo panatsala matope ndi miyala. Patapita miyezi ndinangoona nsonga zobiriwira zikuboola matopewo. Mizu ija Bambo Mbewe amadandaula nayo pokumba ndi imene inamugwira.

Nangozo wa ku Lunzu: Ndiye tigwirizane chonchi. Mvula ikagwa ndikaona kudambo. Zipatso zimakhwima patatha mwezi ndi kanthu maluwa atafota, ndiye cha mu Disembala kapena Januwale ndidzatola njere pang'ono pa phesi lililonse. Amene mukufuna lembani maina, koma mudzabwere kudzatenga sabata yomweyo, sindisunga. Ogula anyezi wokumbidwa kudambo sindiwapatsa, ndanena poyera.

Bambo Mbewe a ku Chigumula: Ndilembeni njere 20 mayi. Ndikazidzala m'machubu, zikakula ndidzagulitsa ndi dzina lake lenileni. Tione ngati anthu a mu Blantyre angagule duwa atauzidwa kuti ndi la ku Lunzu.

Nangozo wa ku Lunzu: Mukadzalemba kuti la ku Holland ndidzabwera ndekha ku Chigumula.

Agogo a ku Nyambadwe: Inenso ndili ndi pempho. Phata langa la powellii woyera lakula mpaka likukankha mpanda, ndipo maluwa ayamba kuchepa chifukwa chothinana. Linalipo kale pamene tinkalowa m'nyumba muno. Likufunika kugawa mvula isanayambe, koma msana wanga ndi piki zinasiyana kalekale. Ndikufuna anyamata awiri amphamvu, piki, fosholo ndi wilibala. Pokumba muyambire patali, masentimita 40 kuchokera pa masamba, mukumbe ngalande kuzungulira, mulowe pansi pake. Osakoka masamba, khosi limathyoka. Wokumba aliyense apita ndi ana ake amizu, ndipo ndidzakulemberani dzina pa kachidutswa ka chitini cha aluminiyamu, kukanda ndi msomali, chifukwa inki ya maka imafufutika ndi dzuwa lathuli chaka chisanathe.

Achimwene a ku Machinjiri: Agogo ine ndilipo. Nsima ikhalapo?

Agogo a ku Nyambadwe: Nsima ndi chambo chouma. Koma mubwere ndi magolovesi, madzi ake amayabwa, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire mbale yanga.

Che Jafali a ku Bangwe: Piki ndili nayo, wilibala ndibwereka. Loweruka lino ndili ku ukwati ku Ndirande, tipange la sabata yamawa.

Woyang'anira gulu: Loweruka la sabata yamawa, 7 koloko m'mawa dzuwa lisanakwiye. Malo enieni agogo atumiza kwa amene alembetsa okha, osati muno. Amene mukufuna ana a powellii bweretsani matumba onyowa okulungira mizu, osati majumbo.